Mliri unatha, nanga n'chifukwa chiyani mitengo ya zinthu sikubwerera m'mbuyo?

Nambewe:
Moni nonse a pagulu lino. Ndili ndi funso limene ndikupempha kuti tilikambirane mofatsa, makamaka inu amene mumatsata nkhani za chuma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso vuto ladzidzidzi loopseza maiko onse, ndipo kuyambira nthawi imeneyo malire ndi otsegula, sitima zapamadzi zikuyenda, mafakitale akugwira ntchito. Komabe kwa zaka zingapo, tikadandaula za mtengo wa sopo, shuga, mafuta ophikira ndi ufa, yankho limene tinkamva linali lakuti vuto ndi mliri pamodzi ndi nkhondo ya ku Ukraine. Funso langa lili pawiri. Mliri umakweza bwanji mitengo, pamene nthawi ya mliriyo anthu ambiri anachotsedwa ntchito ndipo analibe ndalama zogulira zinthu? Ndiponso ngati mliri ndi umene unakweza mitengo, n'chifukwa chiyani sinatsike mliriwo utatha?

Chisale, mphunzitsi wopuma:
Mayi Nambewe, funso lanu loyamba ndi lomveka, chifukwa poyambirira mliri unatsitsadi mitengo ya zinthu zina. Mu Epulo 2020 ndege zitaima ndiponso magalimoto atachepa m'misewu ya maiko ambiri, mafuta anasowa ogula moti tsiku lina ku America mtengo wa mafuta osayenga unatsika kupitirira ziro, kutanthauza kuti amene anali nawo ankalolera kulipira munthu woti awachotsere chifukwa mosungira munadzaza. Kukwera kunabwera pambuyo pake, ndipo kunabwera chifukwa zinthu ziwiri zinakumana.

Maboma a maiko olemera anaopa kuti chuma chawo chigwa, choncho anathira ndalama zambiri m'matumba mwa anthu. Boma la America linavomereza madola pafupifupi 2.2 thililiyoni mu Malichi 2020, kenako linawonjezera madola 1.9 thililiyoni mu Malichi 2021, ndipo mabanki aakulu anatsitsa chiwongoladzanja mpaka pafupi ndi ziro. Anthu amene anali pa m'bindikiro sakanatha kupita kokadya, kokaonera mpira kapena kokacheza kunja kwa dziko, ndiye ndalamazo anazitembenuzira ku katundu wogwirika monga makompyuta, mipando, njinga ndi zipangizo zomangira nyumba. Nthawi yomweyo mafakitale a ku Asia ankatsekedwa ndi kutsegulidwa mosinthasintha, madoko anali ndi antchito ochepa, ndipo makontena opanda kanthu anaunjikana kumalo kumene sankafunika. Mtengo wonyamulira kontena yaikulu imodzi panyanja, umene mliri usanayambe unkakhala pansi pa madola 2,000, unafika cha m'ma madola 10,000 mu Sepitembala 2021. Ogula atachuluka pamene katundu akuchedwa kufika, mitengo inayamba kukwera, ndipo zonsezi zinachitika asilikali a Russia asanalowe m'dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale 2022. Nkhondoyo inangowonjezera pa vuto limene linalipo kale, makamaka pa tirigu, mafuta a mpendadzuwa, gasi ndi feteleza.

Nangozo, ku Leeds:
Zimene akunena Bambo Chisale tinaziona ndi maso kuno ku Britain. Boma linkalipira 80 peresenti ya malipiro a anthu amene makampani awo anawauza kuti akhale kunyumba, kotero kuti mabanja ambiri anatuluka mu mliri ali ndi kandalama kosunga. Chimene chinativulaza kwambiri chinali gasi wotenthetsera nyumba ndi magetsi, ndipo mu Okutobala 2022 kukwera kwa mitengo kunafika pa 11.1 peresenti, chiwerengero chimene anthu a kuno anali asanachione kwa zaka pafupifupi 40. Banki yaikulu ya dziko lino, Bank of England, inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 0.1 peresenti mu Disembala 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023, ndipo pofika pakati pa 2024 chiwerengerocho chinabwerera pa 2 peresenti.

Koma achemwali anga a Nambewe, pafunso lanu lachiwiri pali mfundo imene ndikufuna imveke bwino. Akalengeza kuti kukwera kwa mitengo kwatsika, sakutanthauza kuti zinthu zatchipa. Akutanthauza kuti zikukwerabe koma pang'onopang'ono. Buledi ndi mkaka zimene zinakwera mu 2022 sizinabwerere pa mtengo wa 2019 ngakhale kuno, ndipo anthu akudandaulabe. Chimene chinasintha n'chakuti mitengo inasiya kuthamanga, ndipo malipiro anayamba kuitsatira pang'ono ndi pang'ono. Kwathu ku Malawi vuto n'lakuti kuthamangako sikunaime.

Mbewe, woyendetsa thiraki:
Ine ndimanyamula katundu kuchokera ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ndipo ndikufuna kuwonjezera mbali ya msewu. Dziko lathu lilibe doko, choncho chilichonse chochokera kunja chimalipira panyanja, kenako n'kulipiranso pamsewu. M'nthawi ya mliri dalaivala ankayenera kukhala ndi chikalata choonetsa kuti wayezedwa, ndipo chikalatacho chinkatha mphamvu m'masiku ochepa, moti munthu akachedwa pamzere pa chipata ankayenera kuyezedwanso. Tsiku lililonse limene thiraki yaima pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, mwini katundu amalipira, ndipo iye amakabweza ndalamazo pa wogula womaliza. Koma ndinene mosabisa kuti mavuto amenewo anatha kalekale. Mizere imene inabwera pambuyo pake, ya pa malo omwetsera mafuta kuyambira mu 2022, sinali ya matenda. Mafuta ankapezeka m'madoko, koma madola olipirira ndi amene ankasowa, ndipo tinkakhala kudoko kudikira kuti eni mafuta alandire ndalama zawo kaye.

Phiri, mlimi wa ku Kasungu:
Kwa ife alimi nkhani yonse imayambira pa feteleza. Mu 2020 thumba la makilogalamu 50 linkagulidwa cha m'ma K20,000 kusitolo, ndipo amene analowa m'ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP ankapereka K4,495. Pofika kumapeto kwa 2021 mtengo wa kusitolo unali utawirikiza pafupifupi kawiri, nkhondo isanayambe n'komwe. Alangizi anatifotokozera kuti feteleza wa Urea amapangidwa kuchokera ku gasi, ndipo gasi atakwera mtengo ku Ulaya mafakitale ena anachepetsa ntchito, pamenenso dziko la China linachepetsa feteleza wotumiza kunja pofuna kuteteza alimi ake. Zimenezo ndikuzivomereza. Chimene sindikuchimvetsa n'chakuti pa msika wa dziko lonse feteleza anatsika mtengo mu 2023, koma kuno anapitirira kukwera mpaka kudutsa K100,000, ndipo gawo la mlimi mu AIP linafika pa K15,000 pamene chiwerengero cha opindula chinkachepa. Mlimi akathira thumba limodzi pamunda wofunika matumba anayi, chimanga chimachepa, ndipo chikachepa m'tauni ufa umakwera. Apa mliri ukulowapo pati?

Tembo, ku Chipata:
Abale anga a ku Malawi, ndiloleni ndiyankhule monga mnansi wanu. Dziko la Zambia ndilo linali loyamba mu Africa kulephera kubweza ngongole zakunja m'nthawi ya mliri, mu Novembala 2020, ndipo pakati pa 2021 kukwera kwa mitengo kwathu kunadutsa 24 peresenti pamene kwanu kunali pansi pa 10. Chisankho cha mu Ogasiti 2021 chitachitika, kwacha yathu inapeza mphamvu, mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, ndipo pofika pakati pa 2022 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 10 peresenti, m'miyezi yomweyo imene nkhondo ya ku Ukraine inali itavuta. Pambuyo pake chilala cha 2024 chinapha chimanga, madzi anachepa ku Kariba, magetsi anasowa, ndipo mitengo inakweranso. Ku Tanzania, kumene Bambo Mbewe amakatenga katundu, kukwera kwa mitengo sikunapitirire 5 peresenti m'zaka zonsezi. Mliri unali umodzi, nkhondo inali imodzi, mtengo wa mafuta panyanja unali umodzi, koma zotsatira zake zinasiyana kutalitali. Mvula imagwa pamudzi ponse, koma imadontha m'nyumba imene denga lake linali lothetheka kale.

Chisale, mphunzitsi wopuma:
Bambo Tembo afika penipeni pamene nkhaniyi yagona, ndipo ndikufuna kukhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali yankho la Bambo Phiri.

Ku Malawi sitinakhale ndi vuto la ndalama zochuluka m'matumba mwa anthu ngati ku America. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma linalengeza mu Epulo 2020 unaimitsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu, ndipo thandizo la K35,000 pamwezi limene linalonjezedwa kwa mabanja ovutika a m'mizinda linali laling'ono poyerekeza ndi chuma chonse. Komanso mu 2021 tinakolola chimanga choposa matani 4 miliyoni, n'chifukwa chake chaka chimenecho kukwera kwa mitengo kunali pafupi ndi 9 peresenti basi. Chimene mliri unatichita ndi kutifooketsa kumbali ya ndalama zakunja ndi ngongole. Alendo odzaona nyanja ndi nyama anasiya kubwera, msonkho unachepa, ndalama zogwiritsa ntchito m'zipatala zinakwera, ndipo boma linabwereka. Tinalowa m'nyengoyo tili kale ndi ngongole zodula za madola ku mabanki monga Afreximbank ndi Trade and Development Bank, komanso thandizo lachindunji la ku bajeti lochokera kwa maiko otithandiza linali litaima kuyambira pa nkhani ya Cashgate mu 2013.

Tsono taganizirani dziko limene limagula kunja katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni pachaka, koma limagulitsa kunja katundu wa pafupifupi 1 biliyoni yokha, gawo lalikulu la katunduyo lili fodya. Mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi tirigu zitakwera mtengo pamodzi mu 2021 ndi 2022, madola ofunika kuti tigule katundu yemweyo anachuluka, koma fodya, tiyi ndi shuga sizinabweretse zochuluka chomwecho. Nthawi yomweyonso banki yaikulu ya ku America inayamba kukweza chiwongoladzanja mu Malichi 2022, dola inalimba padziko lonse, ndipo kubwereka kunja kunadula. Nkhokwe ya ndalama zakunja ya Reserve Bank of Malawi inaphwa. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masiku ochepa chabe pambuyo pake bungwe loona za mitengo ya mafuta ndi magetsi la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Ndiye Bambo Phiri, feteleza akhoza kutsika m'madola, koma ngati kwacha yatsika kuposa pamenepo, inu amene mumagula ndi kwacha mudzaona kuti wakwera. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inaonetsa kuti kukwera kwa mitengo kunadutsa 20 peresenti mu 2022, kunayandikira 29 mu 2023, ndipo mu Januwale 2024 kunafika pa 35, nthawi imene ku Britain ndi ku America kunali kukutsika.

Mwale, ku Area 25:
Ndikulemekeza ziwerengero zimene mwapereka, aphunzitsi, koma ndikuona kuti mukuwasiya amalonda osawakhudza. Tsiku limene analengeza kuti kwacha yachepetsedwa mphamvu, masitolo ena anatseka zitseko kwa maola angapo, ndipo atatsegula katundu yemweyo amene anali pa shelefu dzulo lake anali ndi mitengo yatsopano. Katundu ameneyo anagulidwa ndi kwacha yakale. Tomato wa ku Ntcheu, makala ndi nsomba za ku Mangochi sizigulidwa ndi madola, koma nazonso zinakwera. Boma litachotsa msonkho wa 16.5 peresenti pa mafuta ophikira mu 2022, ogula ambiri sanaone kusintha kofanana ndi msonkhowo. Shuga amalimidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, koma wakhala akusowa m'masitolo n'kumapezeka kwa mavenda pa mtengo wokwera. Ine ndikukhulupirira kuti dyera lili ndi gawo lalikulu, ndipo bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission liyenera kukhala ndi mano akuthwa kuposa amene lili nawo.

Nambewe:
Bambo Mwale, ine ndili ndi golosale yaing'ono, ndipo ndikupempha kuti mumve mbali yathu. Ndikagula katoni ya sopo pa mtengo wina, n'kumva kuti kohoda yakwera, sindingagulitse pa mtengo wakale, chifukwa ndalama zimene ndipeze sizidzakwanira kugula katoni ina. Ndikatero kawiri kapena katatu mpamba wonse watha ndipo ndatseka. Wamalonda samawerengera zimene analipira dzulo zokha, amawerengeranso zimene adzalipire mawa kuti shelefu isakhale yopanda kanthu. Mayi wogulitsa tomato nayenso amakwera minibasi, amagula sopo, amalipira fizi ya ana, ndipo mlimi amene anamugulitsa tomatoyo anathira feteleza ndi mankhwala ochokera kunja. Sindikukana kuti alipo ena amene amabisa katundu, makamaka akuluakulu amene ali ndi mosungira, koma ife ang'onoang'ono phindu lathu linachepa, chifukwa makasitomala amene ankagula botolo la mafuta tsopano amagula oyezera m'timapepala.

Chisale, mphunzitsi wopuma:
Nonse awiri mukunena zoona, koma funso lothandiza n'lakuti dyera limapeza mpata liti. Amalonda athu sanayambe kukonda phindu mu 2022, ankalikondanso mu 2019 pamene mitengo inkakwera pang'ono. Chimene chinasintha n'chakuti katundu anachepa, ndipo amene ali ndi mwayi wopeza madola kubanki anakhala ochepa. Pamene oitanitsa katundu ali atatu kapena anayi okha, n'kosavuta kuti mitengo ikwere msanga ndi kutsika mochedwa, ndipo apa Bambo Mwale ali ndi mfundo yolimba. Palinso nkhani ya chiyembekezo. Anthu akazolowera kuti chilichonse chikwera, mwini nyumba amakweza lendi asanaone chifukwa, wa kabaza amakweza mtengo, wogwira ntchito amapempha malipiro owonjezera, ndipo kukwerako kumayamba kudzidyetsa kokha ngakhale chimene chinakuyambitsa chitatha.

Nabanda, wogulitsa kaunjika ku Lilongwe:
Pa nkhani ya madola ndikufuna kuchitira umboni. Mtengo umene umalembedwa kubanki si umene oitanitsa mabelo amagulira. Munthu amapita kubanki, amauzidwa kuti adikire, ndipo katundu wake ali padoko akulipiritsidwa tsiku ndi tsiku, mapeto ake amakagula madola pamsika wamseri. Kumayambiriro kwa 2025 mtengo wamseriwo unali woposa kawiri mtengo wa kubanki, ndipo belo la zovala linkasintha mtengo m'sabata imodzi. N'chifukwa chake mu Febuluwale 2025 ochita malonda a kaunjika anayenda ulendo wopita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula. Aphunzitsi, tinauzidwa kuti kwacha ikachepetsedwa mphamvu madola adzayamba kupezeka m'mabanki ndipo msika wamseri udzatha. Kwachepetsedwa kawiri konse, koma madola sakupezekabe. Chinalakwika n'chiyani?

Chisale, mphunzitsi wopuma:
Mayi Nabanda, kuchepetsa mphamvu ya ndalama kumathandiza pokhapokha zinthu ziwiri zikatsatira. Dziko liyenera kukhala ndi katundu woti ligulitse wochuluka kunja akatchipa kwa ogula akunja, ndipo boma liyenera kuleka kuthira makwacha atsopano pamsika. Ife tinalibe katundu wowonjezera woti tigulitse msanga, chifukwa fodya amakololedwa kamodzi pachaka ndipo migodi yathu yambiri inali isanayambe kutulutsa zochuluka. Kumbali inayo bajeti inapitirira kukhala yoperewera chaka ndi chaka, ndipo kuperewerako kunkatsekedwa pobwereka m'mabanki a m'dziko muno, nthawi zina mothandizidwa ndi banki yaikulu yomwe. Makwacha akachuluka pamene madola ndi chimanga zili zomwezo, makwachawo amathamangitsana pa madola ochepawo, ndipo mpata wa pakati pa mtengo wa kubanki ndi wamseri umatsegukanso. Mgwirizano wa ngongole ya madola 175 miliyoni umene tinapangana ndi IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, mu Novembala 2023 unkafuna kuti zimenezi zikonzedwe, koma unatha mphamvu mu Meyi 2025 usanafike kumapeto. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mu bajeti ya 2024/25 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi linapita ku chiwongoladzanja cha ngongole, ndalama zimene zikanagula mankhwala kapena kukumba ngalande za ulimi wothirira.

Phiri, mlimi wa ku Kasungu:
Tisaiwalenso nyengo, chifukwa zaka za pambuyo pa mliri zinali zoopsa kumunda. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira, magetsi ochuluka anachoka kwa nthawi yoposa chaka, ndipo zigayo ndi mafakitale zinkayendera majenereta a dizilo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera ndi kukokolola minda chimanga chili pafupi kucha. Mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, zokolola sizinafike matani 3 miliyoni, ndipo anthu 5.7 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. M'zaka zimenezi ADMARC inali itatsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso, ndipo itatsegulidwa inalibe mphamvu zogulira chimanga chochuluka nthawi yokolola. Mavenda ndi amene ankagula kwa ife motchipa mu Meyi ndi Juni, n'kudzatigulitsa ife tomwe modula mu Januwale.

Nangozo, ku Leeds:
Zimene anena Bambo Phiri zikundipatsa funso lina. Kuno kukweza chiwongoladzanja kumagwira ntchito chifukwa mabanja ambiri ali ndi ngongole za nyumba, ndipo chiwongoladzanja chikakwera amachepetsa kugula zinthu zina. Kwathu Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 12 peresenti kumayambiriro kwa 2022 kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024. Koma ngati chakudya chimatenga zoposa theka la muyeso umene amawerengera kukwera kwa mitengo, ndipo chakudyacho ndi chimanga makamaka, chiwongoladzanja chingathandize bwanji? Mayi wa ku Nsanje amene akugula ufa alibe ngongole kubanki, ndipo sangachepetse kudya kuposa mmene wachepetsera kale. Ine ndikuona ngati mankhwalawa akupweteka amalonda ang'onoang'ono ndi alimi amene akanabwereka kuti alime zambiri, pamene matenda enieni sakukhudzidwa.

Gondwe, wogwira ntchito yowerengera ndalama ku Mzuzu:
Mayi Nangozo, ndikugwirizana nanu theka. N'zoona kuti chiwongoladzanja sichigwetsa mvula, ndipo kampani imene ikubwereka pa 30 peresenti kapena kuposa singathe kupikisana ndi katundu wochokera ku South Africa kapena ku Tanzania. Koma taganizirani chimene chikanachitika chikanasiyidwa pa 12 peresenti pamene mitengo ikukwera ndi 30. Aliyense amene ali ndi ndalama kubanki akanazichotsa n'kugula madola, simenti kapena matumba a chimanga oti asunge, chifukwa kusunga kwacha kukanakhala kutaya chuma, ndipo zimenezo zikanakweza mitengo koposa. Vuto limene ndimaliona pantchito yanga n'lakuti wobwereka wamkulu m'dziko muno ndi boma, ndipo boma silichepetsa kubwereka chiwongoladzanja chikakwera. Mabanki amaona kuti kubwereketsa boma n'kopindulitsa ndiponso kopanda chiopsezo poyerekeza ndi kubwereketsa mlimi wa soya, choncho amapeza phindu lalikulu pamene makampani akusowa mpamba. Banki yaikulu ikuponda buleki, koma nthambi ya zachuma ikupitiriza kuwononga zoposa zimene yatolera, ndipo zikatero wovutika ndi munthu wamba amene ali pakati.

Mwale, ku Area 25:
Ngati zili choncho, bwanji boma lisangoika mitengo yokhazikika pa zinthu zofunika kwambiri monga ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira, kufikira zinthu zitakhazikika?

Gondwe, wogwira ntchito yowerengera ndalama ku Mzuzu:
Bambo Mwale, chitsanzo tili nacho kale pa mafuta a galimoto. Petulo anakhala pa K2,530 kwa nthawi yaitali pamene mtengo weniweni woitanitsira unali utakwera, ndipo zotsatira zake zinali mizere ya usiku wonse, mafuta a m'zigubu ogulitsidwa pa mtengo wowirikiza, ndi ngongole zimene oitanitsa mafuta ankayembekezera kubwezeredwa. Mtengo wolembedwa ukakhala pansi pa mtengo weniweni, katunduyo amachoka pa shelefu n'kupita kuseri kapena kuwoloka malire, ndipo amene amamupeza ndi amene ali ndi odziwana nawo. Njira imene ndimaikhulupirira pa chakudya ndi ya nkhokwe. Bungwe losunga nkhokwe za chimanga cha boma la NFRA ndi ADMARC zikapatsidwa ndalama mu Epulo, osati mu Okutobala, zikhoza kugula chimanga chikadali chotchipa, kukweza pang'ono mtengo umene mlimi amalandira, ndi kudzachitulutsa m'miyezi ya njala. Zimenezi zimatsitsa mtengo powonjezera chimanga pamsika, osati polamula wogulitsa.

Nabanda, wogulitsa kaunjika ku Lilongwe:
Mbali imene sitinaikhudze ndi ya malipiro, ndipo ine ndimaiona pa makasitomala anga, amene ambiri ndi alonda, antchito a m'nyumba ndi a m'mashopu. Mu 2021 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali K50,000 pamwezi, ndipo nthawi imeneyo dola inali cha m'ma K800, kutanthauza madola oposa 60. Mu 2024 anakwezedwa kufika pa K90,000, koma pa K1,700 ndalamazo ndi madola 53 okha, ndipo pa mtengo wamseri umene katundu wambiri amagulidwira ndi zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Munthu amalandira mapepala ochuluka, kuphatikizapo a K5,000 amene anatuluka mu 2022, koma thumba limene amabwera nalo kuchokera kumsika ndi lopepuka. Ambiri mwa iwo sagulanso zovala za ana pokhapokha sukulu ikamatsegulira.

Phiri, mlimi wa ku Kasungu:
Bambo Gondwe, maganizo anu a nkhokwe ndawamva ndipo ndikuwavomereza, koma nkhokwe imasunga chimene chakololedwa. Ife kuno timalima kamodzi pachaka modalira mvula ya miyezi inayi, pamene madzi a m'nyanja ya Malawi ndi a mumtsinje wa Shire akungodutsa. Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa ku Chikwawa pansi pa ntchito ya Shire Valley Transformation Programme ndi chiyambi chabwino, koma ili kutali ndi ife a m'chigawo chapakati, kumene madambo a mtsinje wa Bua akanatha kupereka chimanga chachiwiri chaka chilichonse. Ndikufuna wina pagulu lino amene amadziwa za bajeti atiwerengere ndalama zimene zapita ku AIP kuyambira 2020, aziyerekeze ndi zimene zapita ku ulimi wothirira m'zaka zomwezo, kuti tikambirane ngati gawo lina la ndalama za feteleza lingasamutsidwe popanda kusiya mabanja osauka pa njala m'chaka choyamba.

Gondwe, wogwira ntchito yowerengera ndalama ku Mzuzu:
Ndizichita zimenezo, Bambo Phiri. Mabuku a bajeti amapezeka pa tsamba la intaneti la unduna wa zachuma, koma ndidzafunika kusiyanitsa ndalama zimene Nyumba ya Malamulo inavomereza ndi zimene zinatulutsidwadi, chifukwa kawirikawiri ziwirizi sizifanana, makamaka pa ntchito zachitukuko. Ndidzalekanitsanso ndalama za boma ndi za mabungwe monga World Bank ndi African Development Bank, poti ntchito ya ku Chikwawa ikuyenda kwambiri ndi ndalama zawo. Ndikamaliza ndidzaziika pompano kumapeto kwa sabata.